Digiri Ili M'manja Koma Ntchito Palibe: Mmene Mungapezere Ntchito Yanu Yoyamba

Gauni munabweza, zithunzi munaika pa Facebook, achibale amene anabwera kudzadya mpunga ndi nkhuku anabalalika kalekale. Miyezi yapita. Makalata ofunsira ntchito mwatumiza mpaka kuiwala chiwerengero chake, koma foni ili zii. Kunyumba ayamba kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi sanakuitanebe?" ndipo funsoli limakupwetekani kuposa kukalipiridwa.

Sindikunamizani, ntchito m'Malawi muno n'zochepa poyerekeza ndi anthu amene akutuluka chaka chilichonse ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi makoleji ena onse. Zimenezo simungazisinthe. Koma ndakhalapo patebulo losankha makalata a ofunsira ntchito, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amagwa pa zinthu zoti akanatha kuzikonza tsiku limodzi. CV imodzi yomweyo kuitumiza kubanki, kusukulu ndi kubungwe la zaulimi. Nambala ya foni yosagwira. Kalata yopita kukampani ina koma ikutchula dzina la kampani inanso. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza kukonza mbali imene ili m'manja mwanu.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Chiphaso cha unzika cha ku NRB, chosatha ntchito.

Satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB. Ambiri amaiiwala poganiza kuti digiri yaiphimba, koma olemba ntchito ambiri, makamaka boma, amaifunabe.

Digiri kapena dipuloma yanu ndi transcript (pepala losonyeza magiredi anu onse). Ngati mwambo wolandira digiri sunachitike, tengani kalata ku ofesi ya Registrar yotsimikiza kuti munamaliza maphunziro.

Mafotokope a mapepala onsewa odindidwa ndi Commissioner for Oaths (munthu wovomerezeka kulumbiritsa anthu, monga loya), komanso mapepala omwewo ojambulidwa bwino ngati PDF n'kusungidwa mu imelo yanu kapena pa Google Drive.

Imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni, ndi nambala imodzi ya foni imene simusintha.

Kope kapena tsamba la Excel lolembamo ntchito iliyonse imene mwafunsira.

Chovala chimodzi chaulemu chochapa ndi kusita, ndi nsapato zopolisha. Cha pakaunjika chilibe vuto bola chikukwaneni.

Kandalama kapadera ka bandulo, fotokope ndi thiransipoti. Kabiseni ndithu, chifukwa kuitanidwa ku intaviyu kumabwera mwadzidzidzi.

1. Yambani ndi kukonza mapepala

Ikani chiphaso cha unzika, MSCE ndi digiri pamodzi, muone ngati dzina lalembedwa mofanana ponseponse. Anthu ambiri ali ndi dzina la agogo pa MSCE, la bambo pa digiri, ndipo pa chiphaso chilembo chimodzi chinasintha. Zikatero pitani kwa loya kapena kukhoti mukalumbire kalata yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Chitani zimenezi lero, musadikire tsiku limene akuuzani kuti mubwere ndi mapepala mawa m'mawa.

Ntchito zina sizitheka popanda kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo. Anamwino ndi azamba amalemba mayeso ndi kulembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Madokotala, ma clinical officer ndi ogwira ntchito mu labotale amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Azamankhwala amapita ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, mainjiniya ku Malawi Engineering Institution, ndipo owerengera ndalama amadziwa kufunika kwa bungwe lawo la ICAM. Ngati munaphunzira kunja kwa dziko, pititsani mapepala anu ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, kuti akawaunike.

Chenjezo: musapereke satifiketi yanu yeniyeni kwa munthu aliyense kuti aisunge. Amaiona, amakubwezerani, iwo amatsala ndi fotokope.

2. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu ya ntchito

Munthu wofunsira chilichonse amaoneka kuti sakudziwa chimene akufuna. Lembani ntchito imene munaphunzirira, kenako ina yoyandikana nayo imene mungaigwire bwino. Wa Economics akhoza kuyang'ana kubanki, ku kafukufuku, ndi ku ntchito zolondoloza mmene mapulojekiti akuyendera. Wa ku Bunda ali ndi makampani a mbewu ndi feteleza, maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, komanso mabungwe ogwira ntchito ndi alimi m'midzi. Mtundu uliwonse udzafuna CV yakeyake.

3. Lembani CV yonena zimene munachita

CV ya munthu wongomaliza kumene isapitirire masamba 2. Wosankha makalata amakhala ndi mulu patsogolo pake, ndipo pepala lililonse amaliyang'ana kanthawi kochepa kwambiri asanaganize zoliika kumanja kapena kumanzere. Choncho zofunika zikhale pamwamba pa tsamba loyamba: dzina, foni, imelo, dera limene mukukhala, kenako mizere iwiri kapena itatu yonena kuti ndinu ndani pa ntchito, kenako maphunziro kuyambira a posachedwa.

Apa ndi pamene ambiri amadzichepetsa okha. Amalemba kuti anachita attachment pamalo akutiakuti, basi. Nanga kumeneko munkatani? Ngati munkalowetsa marisiti mu kompyuta, nenani kuti munkagwiritsa ntchito pulogalamu yanji, Sage kapena QuickBooks kapena Excel, ndipo anali marisiti angati pa sabata. Ngati munkayendera alimi, anali makalabu angati, m'dera la mfumu yaikulu iti, ndipo munkawaphunzitsa chiyani. Kafukufuku wanu wa chaka chomaliza ndi ntchitonso: munafunsa anthu angati, munasanthula mayankho ndi SPSS kapena Stata, ndipo munapeza chiyani. Manambala amenewa akhale oona, chifukwa adzakufunsani.

Musanyoze zimene munachita kunja kwa kalasi. Amene anali msungichuma wa kwaya kapena wa bungwe la ophunzira anasungapo ndalama za anthu n'kupereka lipoti. Amene ankaphunzitsa ana a Fomu 4 patchuthi amadziwa kukonzekera phunziro ndi kuima pamaso pa gulu. Amene ankagulitsa zovala kapena kuyendetsa kabizinesi ka Airtel Money kuti apeze fizi amadziwa kasitomala, phindu ndi kuluza. Kwa ine, munthu amene anadzilipirira yekha sukulu ndi geni amandipatsa chidwi kuposa amene wangolemba kuti ndi wolimbikira ntchito. Mawu akuti wolimbikira, wokhulupirika, wogwirizana ndi anzake ali pa CV ya aliyense, ndiye sasiyanitsa munthu.

Chotsani zosafunika: mtundu wanu, mpingo, mudzi ndi mfumu, dzina la sukulu ya pulayimale, ndi chithunzi ngati sanapemphe. Ma referee akhale atatu, monga mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanu, amene ankakuyang'anirani pa attachment, ndi wina amene anakuonani mukugwira ntchito. Wachibale ayi.

Chenjezo: muwapemphe kaye ma referee musanalembe mayina awo, ndipo muwatumizire CV yanu. Mphunzitsi amene amaphunzitsa anthu mazanamazana akaimbiridwa foni n'kuyankha kuti "ameneyo sindikumukumbuka," mwayi wanu wathera pomwepo.

4. Gumulani khoma la "zaka ziwiri"

Ili ndiye dandaulo la aliyense: akufuna munthu wa experience ya zaka ziwiri, nanga ine ndiitenga kuti ngati palibe wondilemba? Dandauloli ndi loona. Koma yankho lake silikhala kudikira kunyumba mpaka patatuluka ntchito yosafuna luso, chifukwa mwezi uliwonse umene mwakhala umakulitsa mpata wopanda kanthu pa CV. Muyenera kulowera pakhomo laling'ono.

Khomo loyamba ndi ntchito za kafukufuku. Mabungwe ochita kafukufuku amafuna anthu opita m'midzi kukafunsa mafunso, kwa masabata angapo kapena miyezi ingapo. National Statistical Office ku Zomba imalemba anthu otere ikakhala ndi kalembera kapena kafukufuku wamkulu. Centre for Social Research ku Zomba komweko, Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe ndi MEIRU ku Karonga ndi Lilongwe ndi ena mwa malo amene kafukufuku sasowa. Masiku ano mafunso amalembedwa pa tabuleti, choncho phunzirani mapulogalamu olembera mafunsowo monga KoboToolbox kapena ODK. KoboToolbox mutha kuyamba kuigwiritsa ntchito mwaulere: tsegulani akaunti, pangani fomu ya mafunso 10, muiyese pafoni yanu ndi anthu apakhomo. Masiku ochepa okha mukhala mukudziwa chinthu chimene anzanu ambiri sakuchidziwa. Ndipo ngati mumalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chilomwe, Chitonga kapena Kyangonde, lembani zimenezo poonekera. Pa ntchito za m'midzi chilankhulo chikhoza kukupambanitsani kuposa magiredi.

Khomo lachiwiri ndi internship. Boma linayamba pulogalamu yotumiza omaliza maphunziro m'maunduna, m'makhonsolo ndi m'nthambi zake mu 2018, kudzera ku Unduna wa Zantchito. Tcherani khutu akalengeza. Ndalama yake ndi yochepa, koma mukatuluka mumakhala ndi kalata, dzina la bwana woti akuchitireni umboni, ndiponso mumadziwa mmene ofesi imayendera. Makampani ndi mabungwe omwe si aboma nawonso amatenga ma intern, ena osalengeza n'komwe. Lembani kalata yaifupi, muipereke nokha ku ofesi yoona za olembedwa ntchito, munene nthambi yeniyeni imene mukufuna kuthandizako ndi miyezi imene mungakhale.

Khomo lachitatu ndi kuphunzitsa pasukulu za sekondale zomwe si zaboma, kugwira ntchito zanyengo monga pa msika wa fodya kapena nthawi yogula mbewu, ndi ntchito zakanthawi za Malawi Electoral Commission nyengo ya chisankho. Pali amene amati, "Ine ndi digiri yanga ndikagwire zimenezo?" Ndikumvetsa, munavutikira pepala limenelo. Koma olemba ntchito amakhulupirira kwambiri munthu amene akudzuka m'mawa kupita kwinakwake kuposa amene wakhala zaka ziwiri osagwira kanthu.

Khomo lachinayi ndi kuvomera kupita kutali. Aliyense akufuna Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Ntchito ya ku Nsanje, Chitipa, Likoma kapena Makanjira imakhala ndi opikisana ochepa, ndipo kumeneko munthu mmodzi amagwira mbali zambiri za ntchito, ndiye amaphunzira msanga. Zaka ziwiri zakumudzi zimatsegula zitseko zam'tauni.

Chenjezo: kudzipereka kugwira ntchito yaulere kukhale ndi malire. Gwirizanani polemba kuti ndi miyezi ingati, muzichita chiyani, ndipo kumapeto adzakupatsani kalata. Pali malo ena amene amasunga achinyamata chaka ndi chaka powalonjeza kuti "mpata ukapezeka tikuganizirani." Miyezi 3 kapena 6 ndi yokwana. Kupitirira apo osalandira ngakhale ya thiransipoti, akukudyerani masuku pamutu.

Chinanso chaching'ono: chilengezo chikati zaka ziwiri inu muli ndi chaka chimodzi mukaphatikiza attachment, internship ndi maganyu a kafukufuku, funsirani ndithu. Chikati zaka 7 ndi digiri yachiwiri, sungani bandulo yanu.

5. Dziwani kumene ntchito zimalengezedwa

Nyuzipepala zikadali zofunika. The Nation ndi The Daily Times, pamodzi ndi za kumapeto kwa sabata monga Weekend Nation ndi Malawi News, zimatulutsa ntchito za boma, mabanki, makampani a boma ndi mabungwe akuluakulu. Simukuyenera kugula tsiku lililonse. Malaibulale a National Library Service amakhala nazo, kapena sonkherani ndi anzanu, mmodzi azijambula masamba a ntchito n'kutumiza pa WhatsApp.

Ntchito za boma zimadutsa m'makomishoni: Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission ndi Local Government Service Commission. Zimatenga nthawi yaitali kuchokera pofunsira kufika poitanidwa, choncho mukatumiza pitirizani kufufuza kwina. Za mabungwe akunja muziona pa tsamba la intaneti la ReliefWeb, pa masamba a intaneti a mabungwewo, ndi pa LinkedIn. Musaiwale mabolodi a zidziwitso pa ofesi ya DC, pachipatala cha boma ndi pamaofesi a mabungwe m'maboma. Ntchito zambiri zing'onozing'ono zimangomatidwa pamenepo.

Dziikireni nthawi, monga ola limodzi m'mawa uliwonse, ndipo chilichonse chimene mwafunsira chilembeni m'kope muja: dzina la bungwe, udindo, tsiku lotumiza, tsiku lotsekera. Sungani chilengezo chenichenicho. Akhoza kukuimbirani patapita miyezi itatu, ndipo n'zomvetsa chisoni kufunsa woimbayo kuti, "Pepani, ndi ntchito iti ija?"

6. Lembani kalata yoyankha chilengezo

Werengani chilengezo kawiri muli ndi cholembera m'manja. Dulani mzere pansi pa chilichonse chimene akufuna. Nthawi zambiri osankha amakhala ndi pepala la mfundo zomwezo n'kumachonga: digiri yakuti ali nayo, Excel amaidziwa, laisensi ya njinga yamoto ali nayo, chilankhulo cha kuderalo amachidziwa. Chimene simunatchule amachitenga kuti mulibe.

Kalata ikhale tsamba limodzi. Pamutu pake lembani dzina la udindo ndendende mmene alilembera, ndi nambala yake ngati ilipo. Ndime yoyamba inene udindo umene mukufunsira ndi kumene munauona. Ndime yachiwiri ndi yachitatu zitenge zinthu ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu zimene akufuna, n'kusonyeza pamene munazichitapo. Ndime yomaliza inene kuti mwaphatikiza mapepala ati ndipo mungapezeke bwanji.

Musapemphe chifundo m'kalata. Kunena kuti ndinu mwana wamasiye kapena kuti abale anu akudalira inu kukhoza kukhala koona ndiponso kowawa, koma wolemba ntchito akufuna kudziwa chimene mudzamuchitire. Ndipo ngati mwagwiritsa ntchito ChatGPT kukuthandizani Chingerezi, werengani bwino n'kusintha kuti zikhale zanu. Makalata otere amafanana kwambiri, ndipo pa intaviyu zimaonekeratu ngati wolankhula si amene analemba.

7. Tumizani mmene anenera

Akati pa imelo, tumizani pa imelo. Akati PDF imodzi, phatikizani kalata, CV ndi masatifiketi mu fayilo imodzi, muitche dzina lanu ndi udindo. Akati mulembe udindo pa mutu wa imelo, lembani, chifukwa ena amasefa maimelo ndi mawu amenewo ndipo yopanda mutu saiona n'komwe. M'kati mwa imelo ikanimo mizere iwiri yaulemu, musaisiye yopanda kanthu. Akati pamanja kapena pa positi, lembani udindo pa envelopu, ndipo mukakapereka funsani ngati pali buku losainira.

Chenjezo: musadikire tsiku lotsekera. Ndi tsiku limene magetsi amazima, netiweki imavuta, minibasi imachedwa kudzaza. Tumizani kukadali masiku awiri. Musanadine batani, tsegulani fayiloyo pafoni muone ngati masamba ali choongoka ndipo akuwerengeka. Satifiketi yojambulidwa pabedi chala chikuoneka pakona imanena zambiri za mwini wake.

8. Uzani anthu kuti mukufuna ntchito

Ambiri amati ntchito m'dziko muno n'za odziwana. Kukondera kulipo, sindikana. Koma pali kusiyana pakati pa katangale ndi kudziwika. Bwana amene akufuna munthu wothandiza kwa miyezi iwiri sapita kunyuzipepala, amafunsa anzake kuti, "Kodi simukudziwa mnyamata kapena mtsikana wodalirika?" Funso n'lakuti, alipo amene angatchule dzina lanu?

Yambani ndi aphunzitsi anu akukoleji, chifukwa ambiri amakhala ndi kafukufuku wofuna othandizira. Kenako amene anakutsogolerani zaka ziwiri kapena zitatu pasukulu, amene munagwira nawo pa attachment, akumpingo kapena kumzikiti. Musawauze kuti "mundipezereko ntchito," chifukwa pempho lotere limalemera ndipo munthu amayamba kukuzembani. Nenani zomveka: "Achimwene, ndamaliza za Environmental Health, ndikufuna ntchito kapena internship ya zamadzi ndi ukhondo, boma lililonse ndipita. Mukamva kanthu mundidziwitse." Pempho lotere munthu amalikumbuka. Mukhozanso kupempha mphindi 15 kuti akuonereni CV. Safunsa anadya phula.

9. Konzekerani intaviyu

Akakuimbirani, funsani modekha tsiku, nthawi, malo, zoti mubweretse, ndiponso ngati padzakhala mayeso olemba kapena a pakompyuta. Mabanki ndi makampani akuluakulu amakonda kuyamba ndi mayeso a masamu ndi kuganiza mwachangu. Ena amakupatsani kompyuta kuti mupange tebulo mu Excel kapena mulembe lipoti lalifupi. Ngati munalemba pa CV kuti Excel mumaidziwa, apa ndi pamene zimaoneka.

Werengani za bungwelo: limachita chiyani, limagwira m'maboma ati, ndani amalithandiza ndi ndalama kapena makasitomala ake ndi ndani. Pa ntchito ya boma, dziwani ntchito za undunawo, ndondomeko zake zikuluzikulu, ndi zimene masomphenya a Malawi 2063 akunena pa gawo lanu. Bwererani ku chilengezo chija, pa mfundo iliyonse konzani chitsanzo chimodzi cha zimene munachitapo: panali vuto lanji, inu munachitapo chiyani, zinatha bwanji.

Funso loyamba kawirikawiri limakhala loti mudzifotokoze. Sakufuna mbiri ya kumene munabadwira ndi kuti ndinu wachingati m'banja. Mphindi ziwiri zokha: munaphunzira chiyani, mwachitapo chiyani chokhudzana ndi ntchitoyi, n'chifukwa chiyani mukuifuna. Yeserani mokweza mawu pamaso pa mnzanu mpaka lilime lizolowere.

Pali chinthu china chimene chimatigwetsa ife Amalawi. Tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu tiziyang'ana pansi, tizilankhula motsitsa, ndipo tisamadzitame. Ndi khalidwe labwino kwathu, koma m'chipinda cha intaviyu limaoneka ngati mantha kapena kusadziwa. Khalani mowongoka, yang'anani amene wakufunsani, lankhulani momveka, ndipo nenani kuti "ndinachita" pamene munachitadi inuyo. Kunena zoona za ntchito yanu si matama. Funso likakuvutani, pemphani kuti alibwereze. Ngati simukudziwa, vomerani, kenako nenani mmene mungafufuzire yankho. Kupeka bodza pamaso pa anthu odziwa ntchitoyo kumaipitsa zonse zimene munayankha bwino.

Fikani kukadali mphindi 30. Ngati malowo simukuwadziwa, monga mkati mwa Kanengo, Capital Hill kapena Makata, kawaoneni dzulo lake. Mlonda wa pageti ndi wolandira alendo apatseni ulemu womwe mungapatse bwana. Ikakhala intaviyu ya pa Zoom kapena Teams, tchajani foni ndi laputopu, gulani bandulo yokwanira, pezani chipinda chopanda phokoso, ndipo yesani kulowa nthawi isanakwane.

Akafunsa za malipiro, musanene kuti "chilichonse." Fufuzani kwa amene ali pa ntchito yofanana, mutchule pakati pa ndalama zakuti ndi zakuti, ndipo munene kuti ndi asanadule msonkho.

10. Werengani kontrakiti musanasaine

Chimwemwe cha ntchito yoyamba chimatseka maso. Pemphani kuti mupite nayo kunyumba kalatayo mukaiwerenge. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wolemba ntchito akupatseni polemba mfundo za ntchito yanu, monga malipiro, maola ndi tchuthi. Nthawi yoyesedwa kwa wantchito waluso siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 48 kupatula ovataimu. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5.

Ndalama yolembedwa m'kalata si imene idzalowe ku akaunti. Padzachoka msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi gawo lanu la penshoni. Pa penshoni, wantchito amasonkha 5 peresenti ndipo wolemba ntchito amaikapo 10 peresenti, kapena kuposerapo. Funsani kuti penshoni yanu ikupita kukampani iti, ndipo pakapita miyezi ingapo katsimikizeni kuti ikufikadi. Ngati munatenga ngongole ya sukulu ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ikumbukireni powerengera ndalama zanu, chifukwa iyenera kubwezedwa kuti ena aphunzirenso. Werengerani zotsala m'manja musanachite lendi nyumba kapena kulonjeza achibale.

Chenjerani ndi akamberembere

Anthu osowa ntchito ndiwo amaberedwa kwambiri. Uthenga umabwera pa WhatsApp kapena Facebook wokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, kenako wina amaimba kuti mwasankhidwa koma mutumize ndalama ya fomu, ya yunifolomu, ya kuchipatala kapena "yofewetsera mabwana" pa Airtel Money kapena Mpamba. Bungwe lenileni silikulipiritsani kuti likulembeni ntchito. Onani imelo imene akugwiritsa ntchito: kawirikawiri bungwe lalikulu silitumiza makalata a ntchito pa Gmail. Mukakayikira, pitani ku ofesi yawo kapena imbani nambala ya pa tsamba lawo lenileni, osati imene ili pa uthengawo.

Samalaninso ndi ntchito zakunja zolonjeza ndalama zambiri mosafuna luso lililonse. Atsikana ena a kuno anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka ali m'mavuto aakulu, mapasipoti atalandidwa. Musananyamuke, katsimikizeni ku ofesi ya zantchito ngati wotumiza anthuyo ndi wovomerezeka.

Wina akakupemphani chiphuphu, nkhaniyo ndi ya ku Anti-Corruption Bureau. Akafuna kugona nanu kuti akupatseni ntchito, dziwani kuti Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zotere, ndipo mukhoza kukadandaula kupolisi kapena ku Malawi Human Rights Commission. Sungani mauthenga onse ngati umboni, ndipo musavomere intaviyu ya kumalo ogona alendo kapena ya usiku.

Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kunama pa CV. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo amene akukufunsani mwina anaphunzira limodzi ndi bwana amene mwamutchulayo. Satifiketi yachinyengo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo ikhoza kukuchotsetsani ntchito ngakhale patapita zaka.

Kusayankha manambala achilendo, kapena kuyankha mwamwano poganiza kuti ndi wokutsatani ngongole. Nthawi yonse imene mukufuna ntchito, foni iliyonse iyankheni mwaulemu, ndipo imelo muziitsegula tsiku lililonse, kuphatikizapo bokosi la spam.

Kusiya zinthu zochititsa manyazi pa Facebook, TikTok kapena X. Olemba ntchito ena amafufuza dzina lanu. Chotsani zotukwana ndi zonyoza mitundu ya anthu kapena zipembedzo.

Kuvutitsa ofesi ndi mafoni mukatha intaviyu. Imelo imodzi yothokoza tsiku lotsatira ndi yokwanira, ndipo ngati nthawi imene ananena yadutsa, funsani kamodzi.

Kukana ntchito yaing'ono podikira yaikulu imene sanakulonjezeni polemba. Mawu apakamwa akuti "tikuitanani" si kontrakiti.

Kusiya kuphunzira. Miyezi imene mukudikira, onjezerani luso limodzi looneka: Excel yozama, laisensi yoyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, kalembedwe ka malipoti, kapena gawo loyamba la mayeso a ICAM ngati muli ku zowerengera ndalama.

Kubisala kwa anzanu chifukwa cha manyazi. Mnzanu wa m'kalasi akayamba ntchito inu musanapeze, zimapweteka, ndipo ena amatuluka m'magulu a WhatsApp a kalasi yawo chifukwa cha zimenezi. Musatuluke. Amene alowa kale ntchito ndi amene amayamba kumva kuti kuofesi kwawo kukufunika munthu wina. Ndipo ngati ulova wafika pokusowetsani tulo, kukulowetsani m'mowa kapena kukupatsani maganizo odzivulaza, uzani munthu amene mumamukhulupirira kapena pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukalankhule ndi achipatala tsiku lomwelo.